Dzanja Lomwe Linakwirira Mchere

Lichinga, 9 wa Fevereru 2023

Okondedwa amama,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi achimwene a Lameki ndi achemwali a Anastazia, amene ndikudziwa kuti ndiwo akukuwerengerani mawuwa. Ine ndili bwino, kungoti mphepo ya kuno kumapiri siyizolowereka, mwana wa kunyanja ndikugona ndi jekete. Foni ndayesa kuimba mpaka kutopa, koma kwathu ku Lunho mawu amafika pokhapokha munthu akakwera pachulu. Ndiye kalatayi ndapatsira woyendetsa shapa, minibasi yathu ija.

Amama, chaka chomaliza cha kursu yanga, maphunziro a zamagetsi aja, chayamba. Akufuna ndalama ya mayeso, komanso aliyense akhale ndi zida zakezake: alikati yodulira ndi kusendera mawaya, ndi kachipangizo koyezera moto. Zonse pamodzi zikukwana metikali 6,000.

Ndikudziwa kuti dzina langa likatchulidwa pamodzi ndi ndalama, achimwene amadzuka n'kutuluka panja. Sindinaiwale kuti motoro wa boti womwe anatisiyira malemu abambo unagulitsidwa chifukwa cha maphunziro anga. Koma tawerengerani nane. Munthu wokoka waya wopanda pepala amalipidwa ngati waganyu, ndipo bwana akadzuka ndi mutu amamuthamangitsa chimanjamanja. Wokhala ndi setifikadu amasainira yekha ntchito, malipiro ake amaposa katatu. A Euclides, amene ali ndi kakampani koika masola m'nyumba za anthu kuno, andiuza kuti ndikangogwira pepalalo andilemba ntchito. Pakatha zaka ziwiri ndigula motoro wina, watsopano, osati wokhosomola uja.

Ndiuzeni za mvula, za chinangwa, ndi za mwendo wanu uja.

Mwana wanu,
Basílio

Lunho, 3 wa Marsu 2023

Basílio,

Moni. Tonse tili moyo, poti ndi zomwe umayamba kufunsa usanapemphe ndalama.

Wati tiwerengere nawe. Chabwino, tiwerengere. Motoro uja unkatifikitsa pakati pa nyanja pomwe pali usipa. Lero ndimapalasa ndi nkhafi, ndikamafika anzanga akubwerako, boti lodzaza. Pepala lakolo ndidzalimangirira kumbuyo kwa boti kuti lizindikankha? Zaka ziwiri ukunenazo, ana anga azidya kudikira?

Sabata yatha pagombe, mwana wa a Shafii anandifunsa anthu ali gwirigwiri kuti, "A Lameki, nanga motoro wanu amaliza liti shikola?" Anthu anaseka, mpaka amayi ogula usipa anagwira m'mimba. Ndinamusasantha nkhafi pakamwa. Mano awiri anagwera mumchenga, magazi chuchuchu pamalaya. Mlandu wake ndalipira mbuzi. Mbuzi imeneyonso uilembe pa mtengo wa pepala lako.

Ndalama ndatumiza, metikali 4,000, zina usake wekha. Ndagulitsa ukonde wa matchera. Usaganize kuti ndakhulupirira masamu ako, ayi. Amama analira mpaka ndinasowa pokhala.

Koma ndikuuze chinthu chimodzi. Ukadzabwera kuno ndi nsapato zonyezimira, wopanda motoro, udzandidziwa. Usaiwale kuti unabadwa wamanzere, unkatenga chakudya ndi dzanja lakuchimbudzi, mudzi wonse ukukuseka. Ndine ndinakumanga dzanjalo kumsana ndi luzi, n'kumakukwapula mpaka unaphunzira kudya ndi kulemba ngati munthu. Ngati ndinawongola dzanja, mutunso ndikhoza kuwongola.

Ndine mkulu wako,
Lameki

Lunho, 18 wa Setembru 2023

Mlongo wanga Basílio,

Moni wambiri. Unafika bwino? Kuchoka kwako kunali kwa mbava, sunatsanzike ngakhale azakhali, ndipo akudandaula mpaka lero.

Ndikupatse nkhani. Sola unatiikira pa holide ija yasintha pakhomo pano. Asodzi akubweretsa mabatire a nyali zawo zokopera usipa kuti tiwadzazire moto, ena mafoni, ndipo ndalama ikulowa tsiku ndi tsiku. A Lameki sanena kanthu, umawadziwa, koma dzulo ndinawapeza akupukuta fumbi pa galasi la sola lija ndi malaya awo. Atandiona anati akufuna chipewa chomwe chinauluka. Chipewacho chinali kumutu.

Amama ndiye asanduka wailesi. Ukukumbukira tsiku unakumba dzenje kuseri kwa nyumba, n'kukhomeramo ndodo ya mkuwa ija, n'kuthiramo makala ndi mchere, n'kutsira madzi, n'kukwirira? Amama anakufunsa kuti ukuchita chiyani, iwe n'kuyamba Chipwitikizi chako cha tera, tera. Ataona kuti sakumva, unaseka n'kunena kuti, "Amama, ndikutsirika nyumba. Mphenzi ikabwera pano izipatuka." Basitu, mawu amenewo ndi omwe anagwira. Kuchitsime, kutchalitchi, kumaliro, nkhani ndi yomweyo: "Mwana wanga watsirika nyumba. Kwathu mphenzi imapatuka. Anaphunzira ku Lichinga, aphunzitsi ake ndi akuluakulu."

Ambiri amangoseka. Koma a Yeremiya oyandikana nafewa anandiimitsa panjira, nkhope ili gwa, n'kundifunsa kuti, "Anastazia, kodi ikapatuka kwanuko, imalowera kuti?" Ndinawayankha kuti imalowa pansi. Anati, "Pansi pa ndani?" Ndinaseka, iwo sanaseke. Paja pomwe unkakumba, iwo anali atakhala pamthunzi akusoka ukonde, ndipo mchere uja anauona ndi maso awo.

Mwana wawo Duwa akukupatsa moni. Akuti ukadzabwera umuonere wailesi yake, yangosiya kulankhula. Ine ndikuona kuti wailesiyo ili bwinobwino, koma zimenezo n'zanu.

Ukapeza mpata unditumizire nsalu, ngakhale imodzi.

Mlongo wako,
Anastazia

Lichinga, 26 wa Novembru 2023

Achemwali,

Moni kwa nonse. Pepani kuchedwa kuyankha, tinali pa mayeso. Ndakhoza! Setifikadu atipatsa sabata yachiwiri ya Dezembru, ndipo a Euclides akuti ndiyambe ntchito chaka chikangolowa. Malipiro atchula, koma sindilemba pano, ndikufuna ndidzawatchule ndekha ndikuyang'ana nkhope ya achimwene.

Nkhani ya amama yandiseketsa mpaka anzanga anaganiza kuti ndapenga. Muwauze asiye, anthu angayese zoona. Mchere ndi makala zimangothandiza kuti dothi lizisunga chinyontho, moto woipa uzitsikira pansi mosavuta. Aliyense woika magetsi amachita zomwezo. A Yeremiya ndidzawalongosolera ndekha, mwinanso ndidzawaikire yawo.

Ndibwera Khirisimasi isanafike, pepala lili m'galasi, kuti amama alipachike pomwe akufuna. Nsalu yanu ndagula kale. Za wailesi ya Duwa musiye kundinena.

Basílio

Lunho, 13 wa Dezembru 2023

Basílio,

USABWERE. Werenga kaye mawu amenewo, kenako uwerenge zotsalazi.

Duwa wamwalira. Lolemba masana kunachita mdima wa mvula, iye anathamangira ku thandala kukaanula usipa. Mphenzi inagwa pa mtengo wa mango uli pakati pa ife ndi iwo, n'kumupeza ali ndi dengu m'manja. Ndinafika ndine woyamba. Tsitsi linapserera, nsalu inamatirira pathupi, mapazi anang'ambika. Sindidzaiwala fungo lake.

Tinaika maliro Lachiwiri. Pochoka kumanda, a Yeremiya sanalowe m'nyumba mwawo. Anatenga khasu n'kubwera kuseri kwathu, amuna ambiri akuwatsatira. Anakumba pa dzenje lako lija. Atatulutsa makala ndi mchere wosungunuka, n'kuzula ndodo ya mkuwa itachita dzimbiri lobiriwira, anthu anakuwa ngati agwira ng'ona. A Yeremiya anainyamula m'mwamba akulira, akuti, "Si iyi? Mwini wake ananena yekha kuti izipatuka! Yapatukira pa mwana wanga!"

Ndinayesa kuwawerengera kalata yako, pomwe unalongosola za chinyontho. Wina anandiwomba mbama, kalata inagwera m'matope. Sola anaigwetsa ndi miyala, mabatire anawaswa ndi nkhwangwa, ngakhale eni mabatirewo anali m'gulu lomwelo. Amama anatuluka kuti awachonderere, mwala unawapeza pachipumi, ndipo takawasoketsa ku chipatala chaching'ono. Akungonena kuti, "Ndi pakamwa pangapa, ndi pakamwa pangapa." A Lameki anali kunyanja. Atabwera anaona zonse, anangokhala pa boti mpaka dzuwa kulowa.

Anthu akudziwa kuti ukubwera, amama anali atalengeza kale. Anyamata akumakhala pomwe imaima shapa, zikwanje zili m'manja, wina ali ndi chigubu cha petulo. Akuti akufuna dzanja lomwe linakwirira mchere. Foni sikugwira chiyambire mvula ija, ndakwera pachulu mpaka miyendo kuwawa. Kalatayi ndapatsa woyendetsa shapa, ndamugwadira kuti akupatse m'manja.

Khala komweko, mlongo wanga. Ndakupempha m'dzina la abambo.

Anastazia

Lichinga, kuchipatala, 8 wa Janeru 2024

Amama,

Ndikufunsa za bala lanu la pachipumi. Za wina aliyense sindikufunsa.

Kalata ya achemwali yondiletsa kubwera ndailandira dzana, ndili pabedi pano. Shapa yomwe inainyamula inatchona kutsidya kwa mtsinje wodzaza, ine n'kudutsana nayo pa njinga yamoto yomwe anaiwolotsa pa bwato. Ndimasangalala njira yonse, pepala lili pachifuwa.

Inu anakutsekerani m'nyumba, ndiye simunaone. Ndikufuna mumve kwa ine zomwe anachita mwana wanu woyamba. Nditangotsika, anthu anandizungulira. Sindinadziwe ngakhale zoti Duwa kulibe, ndinazimvera m'kukuwa kwawo. Anandikokera ku gombe, ena akundiponda, ena akunditsira petulo m'mutu. Ndili pansi ndinaona achimwene akubwera, akukankha anthu uku ndi uku, nkhafi ili paphewa. Mtima unakhala pansi. Ndinati, mkulu wanga wafika.

Anafika n'kundimenya chibakera pakamwa. Ananditukwana pamaso pa mudzi wonse, akuti ndinadya motoro wa abambo, akuti ndine galu wa m'tauni. Galasi la setifikadu analiswa ndi phazi. Analankhula zina ndi a Yeremiya zomwe sindinamve, makutu anali atadzaza mchenga ndi magazi. Kenako anandigwira dzanja lamanzere, n'kuligoneka pa mlomo wa boti lathu lomwe lija, n'kukweza nkhafi. Amama, sanamenye kamodzi. Ndinamva mafupa akuphwanyika limodzi limodzi, ndipo iye sanaphethire. Nditakomoka, akuti anandinyamula yekha n'kundiponya pa njinga ngati thumba la chinangwa.

Madokotala andiika zitsulo. Zala ziwiri adula. Zotsalazo akuti tiona.

Anandilonjeza chaka chatha kuti ndikadzabwera wopanda motoro ndidzamudziwa. Ndamudziwa. Anapeza mpata pa maliro a mwana wa eni ake kuti alipiritse ngongole yake. Mumuuze kuti motoro wake walandira, tathana. Ndikatuluka muno ndikupita kupolisi, ndipo musadzandiuze kuti ndi magazi amodzi. Magazi ake ndinawaona pa boti, anali anga okha.

Basílio

Lunho, 2 wa Fevereru 2024

Basílio,

Moni. Amama bala lapola, koma sakudya. Kalata yako Anastazia anandiwerengera, kenako ndinaiwerenganso ndekha. Kupolisi pita, sindithawa, andipeza pagombe. Koma uyambe wamva.

Iwe unali pansi, sunaone zomwe ndinaona ine. Mwana wa a Shafii, yemwe ndinamugulula mano uja, anali atatulutsa kale machesi. A Yeremiya anali ndi chikwanje chonola mbali zonse. Anthu anali ochuluka moti ndikanati ndimenyane nawo, bwenzi amama ataika ana awiri tsiku limodzi. Kupolisi n'kutali, mtsinje unali utadzaza. Ndinaona kuti anthuwa sachoka opanda magazi, ndiye ndinati bola magaziwo ndikhetse ine, chifukwa ine ndidziwa polekezera.

N'chifukwa chake ndinakutukwana. Ndinkafuna akhulupirire kuti ndimakuda kuposa iwo, ndipo sizinavute, mudzi wonse umadziwa za motoro. Ndinauza a Yeremiya kuti, "Akulu, mwana wanu wapita, ndipo ine ndikulira nanu. Koma uyu ndi wa m'mimba mwa amama. Mukamupha inu, mawa ndidzapha wanu, mawa lake adzapha wanga, gombe lino lidzatha. Mwati mukufuna dzanja. Ndikupatsani ndekha."

Anati, "Lomwe linakwirira."

Apa ndi pomwe Mulungu anandipatsa nzeru. Ndinati, "Nonse mukukumbukira kuti mwana uyu anabadwa wamanzere. Zonyansa zake zonse amachita ndi manzere." Akuluakulu anagwedeza mitu, wina anati n'zoona, tinkamuseka. Anameza bodza langa lonse. Iwo anaiwala kuti dzanja limenelo ndinaliwongola kalekale, koma ine sindinaiwale. Ndinaphwanya dzanja lopanda ntchito, lamanja ndinakusiyira lathunthu, lolembera, logwirira zida zako. Ndinamenya kambiri chifukwa ndikanamenya kamodzi, a Yeremiya akanamalizitsa ndi chikwanje.

Ukuti sindinaphethire. Ndikanaphethira akanaona. Nditakukweza pa njinga ndinapita ndekha kuseri kwa bango. Nkhafi ija ndinaiotcha. Boti sindinalikwerebe, pa mlomo pake pakadali banga.

Pepala lako ankafuna kuliotcha. Ndinaliponda dala kuti likhale pansi pa phazi langa, anthu atabalalika ndinalitola n'kulibisa m'malaya. Ndi ili ndakulunga m'pulasitikili. Lili ndi magazi pakona, koma dzina lako ndi chidindo zikuoneka bwino.

Ndinkati pepala silikankha boti. Miyezi ija sola inkagwira ntchito, ndinawerengera mwakachetechete, ndipo ndinaona kuti masamu ako anali oona. Sindinakuuze chifukwa ndine Lameki. Tsopano ndikukuuza. Pola msanga, ukayambe kwa a Euclides akowo. Za motoro usadandaule nazo, ugule ukadzafuna. Kuno usabwere chaka chino.

Ndine mkulu wako,
Lameki

Lichinga, 21 wa Abril 2024

Achimwene,

Moni. Ndamva kuti amama ayamba kudya, ndathokoza. Setifikadu ndinalandira. Ndakhala nthawi yaitali osayankha chifukwa ndinkayamba kalata n'kung'amba.

Kupolisi sindipita. Zomwe mwalemba ndazikhulupirira. Petulo uja ndimamumvabe fungo ndikamasamba, ndipo ndikudziwa kuti popanda inu bwenzi ndili pafupi ndi Duwa. Zimenezo ndanena, ndipo ndi zochokera pansi pa mtima.

Koma pali chomwe simukudziwa, ndipo ndalimbana nacho kuti ndikuuzeni kapena ayi. Achemwali akuti ndikhale chete, akuti mudzadzipweteka. Ine ndaona kuti mwandiuza zoona zanu, ndiye mulandire zanga.

Achimwene, simunawanamize anthu aja.

Munandimanga dzanja ndi luzi, inde. Ndinaphunzira kudya ndi lamanja, kulemba ndi lamanja, kupereka moni ndi kulandira ndi lamanja, zonse zomwe maso anu ankaona. Koma mpeni, legeni, singano yosokera ukonde, mukangotembenuka ndinkabwezera kumanzere. Ku kursu kunalibe wondikwapula. Alikati ndimagwira ndi manzere. Waya ndimasenda ndi manzere, sikuluwu ndimamanga ndi manzere. Aphunzitsi ankaitana anzanga kuti adzaone liwiro la dzanja limenelo, ndipo a Euclides anandifunira lomwelo. Ndodo ya mkuwa ija ndinakhoma ndi manzere, mcherenso ndinathira ndi manzere. A Yeremiya anapempha dzanja lomwe linakwirira, ndipo munawapatsa lenilenilo.

Zitsulo anachotsa mwezi watha. Zala zitatu zotsalazo zinauma chopindika, sizitseka, sizitsegula. Ndinapita kwa a Euclides ndi pepala langa. Analiwerenga, anaona magazi pakona. Anandipatsa alikati ndi kachidutswa ka waya. Ndinayesa ndi manzere, alikati inagwa pansi. Ndinayesa ndi lamanja, ndinadula waya pamodzi ndi nsonga ya chala changa, ngati mwana wa chaka choyamba. Anayang'ana kumbali. Ndi munthu wabwino, wandiika m'sitolo kuti ndizigulitsa mababu ndi kulemba malisiti, malipiro a waganyu. Ntchito ija apatsa mnzanga amene ndinkamuonetsa mayankho.

Munandiuza kale kuti ndilembe mtengo wa pepalali. Ine ndinkawerengera malipiro, inu munkawerengera motoro, ukonde ndi mbuzi. Tonse tinaiwala kuwerengera dzanja. Pepala limangonena kuti munthu uyu amadziwa, koma siligwira alikati.

Ndakwiya, achimwene, sindikubisirani. Sindinakwiyire tsiku la pagombe lija. Ndakwiyira luzi lija. Mukanandisiya ndi manzere anga ndili mwana, mukanadziwa dzanja loti muphwanye.

Musaotche boti, ndamva kuti mukufuna kutero. Likwereni, ana akufuna kudya. Ine madzulo aliwonse tikatseka sitolo, a Euclides amandisiyira zidutswa za mawaya, ndimakhala pakhonde n'kumasenda ndi lamanja. Zala zonse zili mabala okhaokha, ndipo dzulo ndasenda waya mmodzi osaudula. Sindikulonjezani motoro, sindikulonjezaninso zaka ziwiri.

Dzanja lamanjali munaliphunzitsa ndinu kudya. Tiona ngati lingaphunzire kudyetsa.

Mng'ono wanu,
Basílio